Kodi ndege ingakame mvula m'mitambo ya mu Juni ku Chipata?

Funso: Ndine mlimi wa ku Kasenengwa. Ndinamva pa wailesi kuti ku America amathira mankhwala m'mitambo ya nyengo yachisanu, madamu awo n'kudzaza. Kuno mu Juni ndi Julayi mitambo imaphimba mapiri a Chipata masiku angapo, mwera ukuwomba, koma osagwa kanthu. Kodi akatswiri amadziwa bwanji kuti mtambo uli ndi madzi okwanira? Nanga boma silingatumize ndege kuti mitambo imeneyi itipatseko madzi a kudimba, poona zimene zinatigwera mu 2024?

Yankho: Bambo, zimene munamva pa wailesizo si nkhambakamwa. Ku America, m'zigawo zamapiri monga Idaho, Wyoming, Utah ndi Colorado, ntchito imeneyi imachitika chaka ndi chaka kuyambira cha mu Novembala mpaka Epulo, yomwe ndi nyengo yawo yachisanu. Koma ndikuuzeni pachiyambi pomwe kuti musadikire ndege pachabe: mitambo yathu ya mu Juni ndi Julayi singatulutse mvula ndi njira imeneyi, ngakhale boma litagula ndege khumi. Chifukwa chake chagona mu funso lanu loyamba lija, la mmene timadziwira madzi amene ali mumtambo, ndiye tiyambire pamenepo.

Mumlengalenga madzi amakhala m'mitundu itatu. Pali nthunzi, imene maso saiona, ndipo ndiyo yochuluka kuposa zonse. Pali timadontho ting'onoting'ono, timene tikachulukana timapanga mtambo kapena nkhungu. Ndiye pali tizidutswa ta madzi oundana. Kadontho ka mumtambo n'kakang'ono zedi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 50 a milimita, moti sikangagwe, kamphepo kokwera pang'ono kamangokanyamula. Kuti papezeke dontho limodzi loti likumenyeni pamutu, pamafunika timadontho totere pafupifupi miliyoni imodzi titaphatikizana. Mitambo yambiri imene mumaiona imabadwa n'kufa isanakwanitse ntchito imeneyo.

Tsono pali chinthu china chimene anthu ambiri amachikayikira akangochimva. Kusukulu tinaphunzira kuti madzi amaundana pa 0°C. Koma madzi oyera, opanda kachitsotso koti kuundanako kuyambirepo, amatha kukhalabe madzi ngakhale atazizira mpaka -10°C kapena -20°C, ndipo timadontho ta mumtambo timatha kufika kufupi ndi -40°C tisanaundane tokha. Ngati muli ndi firiji, kapena mnzanu wa pagolosale ali nayo, mutha kudzionera nokha. Ikani botolo la madzi ogula losatsegula m'chipinda chozizira kwambiri chija kwa maola awiri kapena atatu, osaligwedeza. Nthawi zina mukalitulutsa mwachifatse mupeza madzi akadali madzi. Ligogodeni patebulo. Pompo muona kuyera kukuyamba pamalo amodzi n'kufalikira, ndipo m'masekondi ochepa botolo lonse ladzaza ayezi wofewa. Madziwo anali atazizira kale mokwanira, chinkasowa ndi choyambitsa basi.

Madzi a mtundu umenewu, ozizira kupyola ziro koma osaundana, ndiwo amene ofesa mitambo ya chisanu, kutanthauza othira mankhwala m'mitambo aja, amasaka. Pakati pa timadontho totere pakangopezeka kachidutswa kamodzi ka ayezi, nthunzi imathamangira kumata pa iko. Timadontho toyandikana nako timauma, iko n'kumakula, kenako kamalemera n'kuyamba kugwa, ndipo m'njira kamatola timadontho tina. Pansi pakakhala pozizira kamafika ngati chipale chofewa, pakakhala pofunda kamasungunuka n'kukhala mvula. Vuto n'lakuti pakati pa -5°C ndi -15°C fumbi lachilengedwe loyambitsa ayezi limakhala lochepa kwambiri, choncho mtambo ukhoza kudutsa pamwamba pa phiri uli ndi madzi ake n'kukauma kuseri.

Munthu woyamba kuonetsa kuti choyambitsacho tingachipereke ndife anali Vincent Schaefer wa kampani ya General Electric, mu 1946. Ankapumira mpweya wake m'bokosi lozizira kuti apange kamtambo, ndipo ataikamo dry ice, womwe ndi mpweya wa carbon dioxide woundana pa -78°C, kamtamboko kanasanduka tizidutswa ta ayezi tonyezimira. Pa 13 Novembala chaka chomwecho anakwera ndege n'kukamwaza dry ice mumtambo pafupi ndi phiri la Greylock ku Massachusetts, chipale n'kuoneka chikugwa kuchokera mumtambomo. Mnzake Bernard Vonnegut anapeza kuti mankhwala a silver iodide, amene timibulu take n'toumbika mofanana ndi ayezi, amagwira ntchito yomweyo kuyambira cha pa -5°C kapena -6°C kutsika m'munsi. Mpaka lero ndi amenewo amene amawotchedwa, kaya pamapiko a ndege kaya m'zowotchera zoimikidwa m'mbali mwa mapiri kuti utsi wake ukwere ndi mphepo.

Onani kuti mankhwalawa sabweretsa dontho ngakhale limodzi. Ali ngati dzanja la wokama: ng'ombe ikakhala ilibe mkaka m'bere, luso la wokamayo silithandiza kanthu. N'chifukwa chake ntchito yaikulu ya akatswiri si kuwotcha mankhwala ayi, koma kuyeza.

Choyezera choyamba ndi baluni. Amaidzaza mpweya wopepuka wa hydrogen kapena helium, n'kumangirira kunsi kwake kabokosi kokwana m'dzanja kotchedwa radiosonde. Akaitaya imakwera mamita pafupifupi 5 pa sekondi iliyonse, ikutumiza pansi katenthedwe ka mpweya, chinyezi chake ndi pamene yafika, mpaka ikaphulika cha pa makilomita 30 m'mwamba. Maiko onse anagwirizana kuti mabaluniwa aziulutsidwa nthawi imodzi, yomwe kuno kwathu ndi 2 koloko usiku ndi 2 koloko masana. Katswiri akayang'ana zimene baluni yatumiza amadziwa pamene mtambo wayambira ndi pamene wathera, msinkhu umene kuzizira kwafika pa -5°C, -10°C ndi -20°C, kumene mphepo ikuchokera, komanso ngati pali mpweya wofunda umene wakhala pamwamba pa wozizira n'kutsekereza chilichonse kuti chisakwere. Chomalizachi chisungeni m'mutu, tichipezanso tikafika pa mitambo ya kwathu. Koma baluni imayeza nthunzi, siinena kuchuluka kwa timadontho.

Ambiri amaganiza kuti rada ndiyo ingatiuze zimenezo. Apa m'pamene anthu amasokera. Rada imaponya mafunde n'kumvetsera amene abwerera, ndipo imakondera zinthu zikuluzikulu mopyola muyeso: dontho likakula kuwirikiza ka 10, limabweza mafunde amphamvu kuwirikiza ka miliyoni. Choncho rada ya zanyengo imaona mvula ndi chipale zimene zapangidwa kale, pamene timadontho ting'onoting'ono tija, tomwe ndi timene tikufunika, sitioneka n'komwe. Mtambo umene ukuwala kwambiri pa rada kawirikawiri ndi umene wagwira kale ntchito yake wokha, ndipo kuuthira mankhwala n'kutaya ndalama.

Chipangizo chimene chinasintha zinthu ndi radiometer. Chimakhala pansi, chitayang'ana kumwamba, ndipo sichiponya kanthu, chimangomvetsera. Nthunzi ndi madzi zimatulutsa zokha timafunde tofooka, nthunzi cha pa 22 mpaka 24 GHz (muyeso wosiyanitsa mafunde, ngati manambala a masiteshoni pa wailesi), ndipo cha pa 31 GHz madzi a timadontho ndiwo amamveka kwambiri, pamene ayezi samveka kwenikweni. Poyerekeza ziwirizi, chipangizochi chimanena mphindi iliyonse, usana ndi usiku, kuti madzi onse a timadontho amene ali pamwamba pake atawasonkhanitsa pansi angazame bwanji. Nambala yake imadabwitsa. Mumtambo wabwino wa chisanu pamapiri imangokhala magawo a milimita, monga 0.1 kapena 0.3. Munthu angafunse kuti, nanga timadzi tochepa chonchi n'toti n'kuvutikira? Yankho lili mu mphepo. Mphepo ikamakankhira mpweya wachinyezi paphiri, mpweyawo umakwera n'kuzizira, n'kumabala timadontho tatsopano mosalekeza kwa maola 6, 10 kapena kuposa. Chimene amawerengera si madzi amene ali pamwamba panthawi imodzi, koma onse amene adutse pamzere wa mapiriwo mphepo isanasinthe. Radiometer payokha siinena ngati madziwo ndi ozizira kupyola ziro, ndiye amaiwerenga pamodzi ndi baluni.

Pansonga za mapiri amaikanso kachitsulo konjenjemera. Mtambo wa madzi ozizirawo ukakawomba, ayezi amamata, kunjenjemera kumasintha, kachitsuloko kamadzitenthetsa kuti ayeziyo achoke, n'kuyambanso. Kuchuluka kwa maulendo amene kadzitenthetsa pa ola ndiko kumasonyeza madzi amene akudutsa. Ndalama zikakhalapo amalowetsa ndege mumtambo mwenimwenimo. Kunsi kwa phiko kumakhala kawaya kamene magetsi amakasunga kali kotentha mosasintha, ndipo timadontho tikamakamenya n'kukaziziritsa, magetsi owonjezera amene akufunika ndiwo amanena magalamu a madzi mu mpweya wokwana mita imodzi mulitali, mulifupi ndi msinkhu. M'mitambo ya chisanu amapeza 0.1 mpaka 0.5 galamu nthawi zambiri. Mutatenga chipinda cha mamita 3 mbali zonse n'kuchidzaza ndi mtambo wa 0.3 galamu, madzi ake onse angakhale magalamu 8, osadzaza n'komwe masupuni awiri a tiyi. Ntchito youlutsa ndege m'malo otere ndi yoopsa, chifukwa madzi omwewo ndi amene amaundana pamapiko.

Kuchokera kumwamba, setilaiti imayeza kuzizira kwa pamutu pa mtambo. Akatswiri ambiri amafuna pakati pa -10°C ndi -25°C. Mutu wa mtambo ukakhala wofunda kuposa pamenepo mankhwala sagwira bwino, ukazizira kupyola -25°C ndiye kuti chilengedwe chapanga kale ayezi wokwanira, amene akugwa n'kudya madzi onse a m'munsi. Palinso nkhani ya nthawi. Kachidutswa ka ayezi kamafuna mphindi 20 kapena 30 kuti kakule mpaka kugwa, ndiye ngati mphepo ikuthamanga makilomita 50 pa ola, mankhwala ayenera kulowa mumtambo makilomita 20 kapena kuposerapo phirilo lisanafike. Mukachedwa, chipale chikagwera kuseri kumene simunafune, kapena chiumira m'malere.

Pa kafukufuku wamkulu wa ku Wyoming, amene anatha mu 2014 pamapiri a Medicine Bow ndi Sierra Madre, sankayatsa chowotchera pokhapokha zitatu zitakumana: mpweya wa pamsinkhu wa nsonga za mapiri wazizira kufika -8°C, mphepo ikuchokera mbali yoyenera, ndipo radiometer yaona madzi. Chimodzi chikasowa, ankakhala pansi. Atawerengera, anapeza kuti mwa chipale chonse cha nyengoyo, pafupifupi 30 peresenti yokha ndi imene inkagwa kuchokera m'mitambo yokwaniritsa zimenezi, ndipo m'mitambo yoteroyo kuwonjezeka kwake anakuyerekeza pa 5 mpaka 15 peresenti. Mukachulukitsa nambala ziwirizi mupeza kuti pachaka chonse phindu ndi maperesenti ochepa chabe. Ku Idaho, kumayambiriro kwa 2017, kafukufuku wotchedwa SNOWIE anaonetsa umboni umene anthu anaudikira zaka 70. Ndege inauluka mokhotakhota ikuwotcha silver iodide pamwamba pa dera la mtsinje wa Payette, ndipo patapita kanthawi rada inaona mizere ya chipale yokhotakhota chimodzimodzi, mumtambo umene poyamba sunkagwetsa kanthu. Apo palibenso wotsutsa kuti njirayi imagwira. Koma ku Israel, kumene anafesa mitambo ya chisanu kuyambira mu 1961 pofuna kuwonjezera madzi a m'Nyanja ya Galileya, kafukufuku womaliza wa 2013 mpaka 2020 anapeza kusintha kosakwana 2 peresenti, kochepa moti sakanatha kukusiyanitsa ndi mwayi, ndipo ntchitoyo anaisiya.

Nanga bwanji a ku America akupitirizabe ndi maperesenti ochepawo? Chifukwa chipale chikagwa paphiri chimakhala pomwepo miyezi ingapo, osauma, osalowa pansi, mpaka nyengo yofunda itachisungunula n'kuchitsitsira m'mitsinje ngati Colorado ndi m'madamu a magetsi. Pang'ono pa mkuntho uno, pang'ono pa winawo, zonse zimaunjikana. Kwathu kuno mamilimita 2 owonjezera akagwa pamunda wouma mu Julayi, pofika madzulo dzuwa ndi mphepo zatenga.

Tsono tibwere pa mitambo imene mumaiona ku Kasenengwa. Kum'mwera kwa Africa kuli malo amene amalandiradi mvula ya chisanu, monga Cape Town, ndipo mapiri a Lesotho ndi Drakensberg amagwa chipale. Mikuntho imeneyo siifika kuno. Chimene chimatifika ndi mpweya wozizira wochokera ku nyanja ya Indian, umene mwera umaukankha kudutsa Mozambique. Ku Mulanje ndi ku Thyolo umagwetsa mvula yowaza ya chiperoni, ku Zimbabwe amaitcha guti, koma pofika kwathu umakhala utasiya chinyezi chambiri m'mapiri a m'njira. Pamwamba pake pamakhala mpweya wouma, wofunda, wotsika kuchokera kumwamba, chotsekereza chija ndinati muchisunge m'mutu. Mtambo umafika pamenepo n'kuima, n'kuyala m'mbali. N'chifukwa chake umaoneka wotakata, wotuwa, wophimba thambo lonse, koma kuchindikala kwake ndi mamita mazana ochepa chabe.

Chipata ili pamtunda wa mamita 1,000 ndi pang'ono kuchokera pa nyanja yamchere. Mutu wa mitambo ya mu Juni umathera cha pa makilomita 2 kapena 3, pamene kuzizira kofika 0°C m'maiko athu otentha kumapezeka cha pa makilomita 4 ndi theka kapena 5, ndipo -10°C ili pamwamba penipeni kupyola makilomita 6. Ngakhale Sapitwa pa Mulanje, wa mamita 3,002, safika kumeneko, ndipo mapiri a Mafinga, omwe ndi atali kuposa onse m'Zambia, amathera cha pa mamita 2,300. Ndiye kuti mtambo umene umakuzizirani m'mafupa m'mawa uja, kwa silver iodide ndi wofunda kuyambira pansi mpaka pamutu. Mulibe dontho lozizira kupyola ziro. Mankhwalawo angangouluka n'kupita osachita kanthu. Ndipo ngakhale mutaufinya wonse mwa njira ina, madzi ake sangakwane theka la milimita. Hekitala imodzi kuti ilandire milimita imodzi pamafunika malita 10,000, pamene dimba la tomato kapena repu limamwa mamilimita angapo tsiku lililonse.

Mitambo yathu yoti munthu n'kuiganizira ndi ya dzinja, kuyambira Novembala mpaka Malichi, ija imatukuka masana ngati nsanja n'kukwera makilomita 12 kapena kuposa. Imeneyo ili ndi madzi ambiri, magalamu angapo pamalo pamene mtambo wa chisanu uli ndi gawo la galamu, ndipo kumtunda kwake kulidi madzi ozizira kupyola ziro. Anansi athu a ku Zimbabwe akhala akufesa mitambo yotere kuyambira m'zaka za m'ma 1970 kudzera m'nthambi yawo ya zanyengo. Ku South Africa, cha ku Nelspruit, katswiri wotchedwa Graeme Mather ndi anzake anaona kuti mitambo yokulira pamwamba pa utsi wa fakitale ya mapepala inali ndi madontho akuluakulu modabwitsa. Kuchokera pamenepo anapanga miyuni ya mchere, makamaka potassium chloride, yowotchera kunsi kwa mtambo pamene mpweya ukukwera. Mchere umakoka chinyezi n'kupanga timadontho tokulirapo, timene timameza tinzake n'kuyambitsa mvula popanda kudikira ayezi. Pakati pa 1991 ndi 1996 anayesa pa mitambo yopitirira 120, ina akuifesa ina akuisiya mochita maere, ndipo rada inasonyeza kuti yofesedwayo inkakhalitsa n'kutulutsa madzi ochulukirapo. Zimenezo n'zolimbikitsa, koma muone kuti anayeza mtambo umodziumodzi pa rada. Kusonyeza kuti dera lonse lalandira mvula yambiri pansi panyengo yonse ndi nkhani ina, yovuta kwambiri, ndipo bungwe la zanyengo la dziko lonse la WMO limanenabe kuti umboni wa mitambo yotere ndi wofooka poyerekeza ndi wa mitambo ya chisanu pamapiri.

Kuyeza mitambo ya dzinja nakonso n'kosiyana. Pano funso lalikulu ndi kukula kwa timadontho kunsi kwa mtambo. Mu Okutobala ndi Novembala, mpweya wathu ukadzaza utsi wa lupsa ndi fumbi, chinyezi chimagawanika pa timadontho tambirimbiri tating'ono kwambiri, timene sitigundana msanga, ndipo mvula imachedwa kupangika. Mitambo yotero ndi imene mchere ungaithandize. Koma pakati pa dzinja, mpweya wachinyezi wa ku Congo ukakhazikika, mitambo imapanga yokha madontho akuluakulu, ndipo siifuna thandizo la munthu. Kuti mudziwe kuti lero muli ndi mtundu uti, pafunika ndege yokhala ndi zoyezera ilowe kunsi kwa mtambo, ndipo nthawi yochitira zimenezo ndi mphindi zochepa pamene mtambowo ukukula. Ukayamba kugwetsa mvula, mwachedwa.

Mwatchula 2024, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake. Chimanga chinapserera chili pafupi kumasula, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi mwa 2.2 miliyoni a chimanga anawonongeka, ndipo madzi atachepa ku Kariba tonse tinagona mumdima. Munthu amene anaona zimenezo ali ndi ufulu wofunsa ngati panalibe chochita. Koma kumbukirani mmene thambo linalili masabata amenewo: mbee, dzuwa lili phwee, timitambo tikangotukuka pang'ono n'kubalalika. El Niño, yemwe ndi kufunda kwa madzi a nyanja ya Pacific kosokoneza nyengo, anachititsa kuti mpweya wouma utsike pamwamba pa dera lathu lonse, ndipo mitambo yoti n'kufesa inalipo yochepa kwambiri. Apa ndi pamene njirayi imakhumudwitsa: chaka chimene mukuifuna kwambiri ndi chimene ilibe pogwira. Chimanga chimafuna mamilimita 500 mpaka 800 panyengo. Chipata imalandira pafupifupi 1,000 chaka chabwino. Kuwonjezera 10 peresenti pa mvula ya mamilimita 20 kumakupatsani 2, ndipo kuwonjezera 10 peresenti pa ng'amba ya masabata asanu sikukupatsani kanthu.

Pali chinanso chimene ife a m'malire sitingachilambalale. Kuchokera ku Chipata kukafika pachipata cha Mwami ndi mtunda waufupi, ndipo mtambo sudziwa malire. Umene wafesedwa ku Vubwi ukhoza kukagwetsa ku Mchinji, wa ku Mchinji n'kugwetsa kwathu. Kafukufuku sanasonyeze kuti kufesa kumalanda mvula ya oyandikana nawo, chifukwa gawo la chinyezi limene limakhudzidwa ndi laling'ono, koma mudzi wina ukaona ndege ikudutsa kenako mvula n'kuwalambalala, kapena matalala n'kuwononga fodya, mudzavutika kuwatsimikizira. Ku Dubai chigumula cha mu Epulo 2024 anthu ambiri anachiloza pa ofesa mitambo, ngakhale mkunthowo unali utaloseredwa masiku angapo m'mbuyo ndipo unakhudza dera lonselo mpaka Oman. Ntchito yotere imafuna kuti mafumu, alimi ndi maboma a Malawi ndi Mozambique adziwitsidwe isanayambe.

Ine maganizo anga ndi akuti, ndalama zitapezeka lero, ndege ikhale yomaliza kugula. Setilaiti za Meteosat zimatipatsa kale zithunzi za mitambo yathu mphindi 10 kapena 15 zilizonse, ndipo nthambi ya zanyengo ya boma ili ndi malo oyezera monga ku Msekera ndi pabwalo la ndege la Chipata. Choyenera kuwonjezera ndi baluni youlutsidwa tsiku ndi tsiku m'chigawo chino, rada yoona kuyambira ku Nyimba mpaka ku Lundazi, radiometer imodzi, ndi zoyezera mvula zambiri m'midzi. Zimenezi zitagwira ntchito nyengo zitatu kapena zinayi, tingadziwe kuti pachaka timakhala ndi masiku angati a mitambo yoyenera, m'miyezi iti, komanso ngati amapezeka panthawi ya ng'amba kapena pamene mvula ikugwa kale. Yankho litakhala loti ndi ochepa, zipangizozo sizinapite pachabe, chifukwa ndi zomwezo zimene zimachenjeza za mphepo yamkuntho, matalala ndi kusefukira kwa madzi kuchigwa cha Luangwa.

Madzi a kudimba kwanu mu Juni ndi amene anagwa mu Januwale. Dziwe lokumba m'munsi mwa munda, mizere yotchinga madzi, maenje obzalamo, kuphimbira nthaka ndi mapesi m'malo mowotcha, ndi kusadula mitengo kumutu kwa dambo, zimenezi zimasunga mamilimita ochuluka kuposa amene ndege ingawonjezere. Mukudziwa kale zimenezi kuposa ine, ndipo alangizi a zaulimi a kwanuko angakuthandizeni kuyeza malo a dziwe.

Tsiku lina kukabwera a kampani kapena andale kudzalonjeza mvula ya ndege, musawakane, koma afunseni pamsonkhano pomwepo. Ayeza ndi chiyani madzi a mumtambo asanawotche mankhwala? Ndi mitambo iti imene adzaisiye dala osafesa, kuti pakhale poyerekezera? Adzawerengera zotsatira ndani, iwo eni kapena anthu apadera? Ndipo kalabu yanu ikhale ndi poyambira pake. Gulani choyezera mvula chapulasitiki, muchiimike pamtengo wa mita imodzi pabwalo lopanda mitengo kapena denga pafupi, ndipo munthu mmodzi aziwerenga 8 koloko m'mawa uliwonse n'kulemba m'kope, kuphatikizapo masiku amene sikunagwe kanthu. Makalabu khumi a ku Kasenengwa atachita zimenezi zaka zitatu n'kumapereka makopewo ku ofesi ya zanyengo, mudzatha kuuza aliyense wobwera ndi ndege kuti mvula ya kwanu imagwa bwanji asanaikhudze.